Mabedi 8, 16 kapena 32? Kusankha njira yoyesera zinthu zambiri nthawi imodzi pa nazale ya tiyi

Ndikapita ku makalabu a alimi a tiyi kumunsi kwa phiri la Mulanje, nkhaniyi simabwera ngati funso la masamu. Imabwera ngati dandaulo. Timitengo ta tiyi tikufera m'machubu tisanatulutse mizu, ndipo aliyense pa nazalepo ali ndi chake choloza chala. Wina akuti mthunzi wachepa. Wina akuti dothi lodzaza m'machubu ndi lomata, likanafunika kamchenga. Amayi amene amathirira akuti madzi akuchuluka. A tcheya akuti vuto ndi mtundu wa tiyi, ndipo mlembi, posafuna kutsalira, akuti machubu ndi aang'ono. Zifukwa zakwana 5, malo ndi a mabedi owerengeka, ndipo bedi lililonse limatenga miyezi kuti likuyankheni.

Akatswiri a masamu a kafukufuku analimbana ndi vuto lotere kalekale, ndipo analimbana nalo m'munda momwemo. Ronald Fisher anayamba ntchito pa malo ofufuzira zaulimi a Rothamsted ku England mu 1919, ndipo mu 1926 anatsutsa chizolowezi choyesa chinthu chimodzi panthawi imodzi, nanena kuti ndi bwino kuyesa zingapo pamodzi mwadongosolo. Frank Yates anakonza kawerengedwe kake m'zaka za m'ma 1930. Mu 1945 David Finney anaonetsa kuti palibe chifukwa choyesera kusakaniza kulikonse kotheka, munthu akhoza kungotapako chigawo chosankhidwa bwino. Njira imeneyi pa Chingerezi amati fractional factorial. Ine ndikakhala ndi alimi ndimangoti kuyesa kwa chigawo.

Ndinene msanga mbali imene ndaima, kuti muziwerenga mukudziwa. Pa nazale ndi m'munda musaumire mabedi. M'fakitale umirani ndithu. Chifukwa chake chionekera kutsogoloku.

Tigwirizane kaye chinthu chimodzi. Chilichonse choyesedwa chikhala ndi mbali ziwiri zokha, "mwakale" ndi "mwatsopano". Mthunzi wa masiku onse kapena wowonjezera. Dothi lofiira lapansi lokhalokha kapena losakaniza mchenga. Kuthirira kawirikawiri kapena patalipatali. Mtundu wa tiyi umene tinauzolowera kapena wina. Machubu aang'ono kapena aakulu.

Kusintha chimodzichimodzi

Iyi ndi njira imene aliyense amayamba kuiganiza, ndipo pakamwa imamveka yanzeru. Bedi limodzi musasinthe kanthu. Mabedi ena 5 musinthe chinthu chimodzi pa lililonse. Onse pamodzi 6, nkhani yatha.

Vuto loyamba ndi lakuti chigamulo chilichonse chatsamira pa bedi limodzi poyerekeza ndi linzake limodzi. Amene anagwirapo ntchito pa nazale akudziwa kuti mabedi awiri osamalidwa mofanana satulutsa zofanana. Lina lili pafupi ndi mpopi, lina pulasitiki wake anabooka, lina linadzazidwa machubu ndi anyamata akuthamangira mpira. Kuti chinthu chilichonse muchiyerekeze pa mabedi 8 ndi ena 8, njira iyi ifuna mabedi 48.

Vuto lachiwiri ndilo lalikulu, ndipo kuchulukitsa mabedi sikulithetsa. Zinthu zimadalirana. Tiyerekeze kuti dothi lanu ndi lomata ndipo mumathirira kawirikawiri, madzi akudikha m'machubu. Mwayesa mchenga pawokha, zayenda bwino, chifukwa madzi ayamba kutsika. Mwayesa kuchepetsa madzi pakokha, zayendanso bwino, chifukwa dothi lomata lija limasunga chinyontho. Mwakondwa, chaka chotsatira mwachita zonse ziwiri pa nazale yonse, mchenga ndi madzi ochepa. Machubu auma gwa. Palibe bedi limene linakunamizani. Kungoti panalibe bedi limene munalifunsa za ziwirizi zili pamodzi.

Njirayi ili ndi malo ake. Ngati yankho mukulidziwa kale ndipo mukungofuna kuti anthu aone ndi maso, monga pa munda wachitsanzo, palibe yoiposa. Koma yofufuzira ayi.

Zonse ndi zonse

Mbali inayo ndi kuyesa kusakaniza kulikonse kotheka. Zinthu 2 zifuna mabedi 4, zinthu 3 mabedi 8, zinthu 4 mabedi 16, zinthu 5 mabedi 32. Mukafika pa 7 ndi mabedi 128. Chilichonse chowonjezera chimachulukitsa ntchito kawiri.

Ngati zinthu zanu ndi 3 zokha, musawerengenso zambiri, chitani zonse ndi zonse m'mabedi 8. Palibe chobisika m'menemo.

Pa zinthu 5 m'pamene munthu ayenera kufunsa chimene akugula ndi mabedi 32. Mumapezamo mayankho 31. Mwa amenewa, 5 ndi mphamvu ya chinthu chilichonse pachokha, 10 ndi kudalirana kwa zinthu ziwiriziwiri. Otsala 16 ndi kudalirana kwa zinthu zitatu, zinayi kapena zonse zisanu nthawi imodzi, kumene kawirikawiri kumakhala kochepa kwambiri, ndipo ngakhale kutapezeka n'kovuta kukufotokozera munthu. Ndiye kuti theka la thukuta lanu lapita ku mafunso amene simunawafunse. Malo ngati Tea Research Foundation ku Mimosa ku Mulanje, kumene kunachokera mitundu ya tiyi ngati PC 108, kapena malo ofufuzira zaulimi ku Bvumbwe, ali ndi anthu olemba ndi kuyang'anira tsiku ndi tsiku, akhoza kusenza zimenezi. Kalabu ya alimi, yomwe wothirira wake alinso ndi munda wake wa chimanga, mabedi 32 aliwonse ndi malamulo ake ndi chiyambi cha chisokonezo. Ngati bedi lili ndi machubu 100, ndi timitengo 3,200, ndipo ena mwa mabediwo mukudziwiratu kuti mwawaika m'mavuto.

Theka losankhidwa bwino

Apa ndichedwapo, chifukwa amene wamvetsa chitsanzo ichi wamvetsa nkhani yonse. Tisiye kaye machubu, titenge zinthu 4: mthunzi, dothi, kuthirira ndi mtundu. Zonse ndi zonse zikanafuna mabedi 16. Titenga 8, koma osati 8 aliwonse. Lamulo lake n'losavuta kuloweza: bedi limodzi osasintha kanthu, mabedi 6 kusintha zinthu ziwiriziwiri mpaka mapeyala onse (ndikutanthauza magulu a zinthu ziwiri) atatha, ndi bedi limodzi kusintha zonse.

Manambala otsatirawa ndangowapeka kuti tione kawerengedwe. Ndi timitengo tomwe tagwira mizu pa machubu 100.

Bedi losasintha kanthu: 52
Mthunzi ndi dothi mwatsopano: 74
Mthunzi ndi kuthirira: 60
Mthunzi ndi mtundu: 70
Dothi ndi kuthirira: 54
Dothi ndi mtundu: 62
Kuthirira ndi mtundu: 48
Zonse mwatsopano: 76

Munthu woona koyamba amadandaula kuti palibe bedi limene mthunzi wasinthidwa wokha, ndiye tidziwa bwanji ntchito ya mthunzi? Onani chonchi. Mabedi a mthunzi watsopano alipo 4: 74, 60, 70 ndi 76. Kuphatikiza ndi 280, kugawa ndi 4 ndi 70. Mabedi a mthunzi wakale aliponso 4: 52, 54, 62 ndi 48, omwe apereka 54. Kusiyana kwake ndi 16. Tsopano yang'anitsitsani m'magulu awiriwa. M'gulu la mthunzi watsopano, dothi latsopano lilimo kawiri, lakale kawiri. M'gulu linalo chimodzimodzi. Kuthirira kawiri kawiri, mtundu kawiri kawiri. Zinthu zinazo zakhala mofanana mbali zonse, ngati matumba olemera mofanana mbali ziwiri za njinga, kotero chotsala chopendeketsa ndi mthunzi wokha.

Mabedi omwewo muwagawenso mwa dothi, mupeza 66.5 ndi 57.5, kusiyana 9. Mwa kuthirira, 59.5 ndi 64.5, kutanthauza kuti kuthirira patalipatali kwatsitsa ndi 5. Mwa mtundu, 64 ndi 60. Bedi lililonse lagwira ntchito kanayi. Chinthu chilichonse chayerekezedwa pa mabedi 4 ndi ena 4, zomwe pa njira ya chimodzichimodzi zikanafuna mabedi 20.

Pali phindu linanso limene anthu saliona msanga. Chimodzi mwa zinayizi chikapezeka kuti chilibe ntchito, mukachifufuta papepala, mabedi 8 omwewo amasanduka zonse ndi zonse za zitatu zotsalazo.

Koma walira mvula walira matope. Tiyeni tifunse ngati mthunzi ndi dothi zikudalirana. Kuti tidziwe, timaika mbali imodzi mabedi amene ziwirizi zili zofanana, zonse zakale kapena zonse zatsopano, mbali inayo mabedi amene chimodzi chokha chasintha. Mbali yoyamba ikhala 52, 74, 48 ndi 76. Tsopano funsani funso lina, ngati kuthirira ndi mtundu zikudalirana. Sankhani mabedi amene ziwirizi zili zofanana. Mupeza 52, 74, 48 ndi 76. Mabedi omwewo, osasiyana ngakhale limodzi. Mafunso awiri, yankho limodzi, ndipo palibe masamu padziko amene angakuuzeni mwini yankholo. M'chitsanzo chathu kusiyana kwake ndi 1 yekha, choncho palibe chodetsa nkhawa. Kukanakhala 12, bwenzi mutagwira njakata.

Ine zimenezi ndimazitcha mapasa. Kuyesa kwa chigawo kulikonse kumabereka mapasa, ndipo ndiwo mtengo wa mabedi amene mwapulumutsa. Funso si lakuti alipo kapena ayi. Funso ndi lakuti ndani wabadwa ndi yani.

George Box ndi Stuart Hunter, mu 1961, anapereka muyeso wake umene amautcha resolution, ndipo umalembedwa III, IV, V. Njira yosavuta yokumbukira ndi ya zala. Imikani zala zitatu, muzigawe pawiri: chimodzi ndi ziwiri. Ndiye kuti pa III, chinthu chimodzi pachokha ndi mapasa ndi kudalirana kwa ziwiri. Imikani zinayi: chimodzi ndi zitatu, kapena ziwiri ndi ziwiri. Pa IV, chinthu pachokha chimasokonezedwa ndi kudalirana kwa zitatu kokha, koma mapeyala amasokonezana okhaokha, monga taonera pamwambapa. Imikani zisanu: chimodzi ndi zinayi, ziwiri ndi zitatu. Pa V, zonse zimene munthu wamba angafune kudziwa zili poyera.

Mmene ndinaweruzira tiyi wosalakwa

Zaka zingapo zapitazo ndinathandiza kalabu ina cha kufupi ndi Muloza. Zinthu zinali 5 zomwe ndatchula zija, malo anali ochepa, ndipo ine ndinali ndi chidwi choonetsa kuti masamu amapulumutsa ntchito. Ndinapanikiza zonse 5 m'mabedi 8. N'zotheka, ndi gawo limodzi mwa magawo 4 a mabedi 32, koma ndi zala zitatu. Ndinalemba zilembo A mpaka E mmene zinthuzo zinabwerera m'mutu, osayang'ana kuti ndani wagwera pati.

Miyezi itapita tinawerenga. Mtundu watsopano wa tiyi unaoneka wolephera moonekeratu. Ndinaimirira pamsonkhano, kope m'manja, n'kunena kuti tiusiye. A tcheya, omwe ndiwo anaubweretsa, anangoti zii.

Amene anayankhula ndi amayi othirira aja, munthu wamkulu wosadziwa ngakhale chilembo chimodzi cha m'kope langalo. "Alangizi, mundikhululukire, ine sukulu sindinapite. Koma tiyi watsopanoyu mwamuika m'mabedi ovuta okhaokha. Awa awiri madzi amadikha, ndikathirira lero mawa ndimapeza chithaphwi. Awa awiri muli mchenga ndipo munati ndizithirira patalipatali, amauma ngati msewu. Mukanandiika ine m'menemo, nanenso ndikanafota."

Ndinabwerera kukope. Ankanena zoona. Mmene ndinakonzera, mtundu unali mapasa ndi kudalirana kwa dothi ndi kuthirira. Paliponse pamene panali tiyi watsopano, dothi ndi madzi zinali zonse zakale kapena zonse zatsopano, ndipo awa ndi mabedi oipa aja a madzi odikha ndi a machubu ouma. Tiyi wakale anakhala pabwino ponse. Mwina mtundu watsopanowo unalidi wofooka, mwina ayi, mabedi 8 aja sakanatha kunena.

Chopweteka n'chakuti kukonza kwake kunali kwaulere. Pa kuyesa kwa zinthu 5 m'mabedi 8, kumene D ndi mapasa ndi peyala ya A ndi B, ndipo E ndi mapasa ndi peyala ya A ndi C, peyala ya B ndi C siili mapasa ndi chinthu chilichonse pachokha, imangosokonezana ndi peyala ya D ndi E. Ndikanafunsa anthu tisanadzaze machubu kuti ndi ziwiri ziti zimene akuganiza kuti zimayendera limodzi, aliyense akananena dothi ndi madzi. Ndikanazipatsa B ndi C, basi. Zilembo sizigawidwa mwachisawawa. Mumayamba ndi peyala imene mukuikayikira kwambiri, n'kuiika pamalo otetezeka, zina zonse zitsatire.

Mabedi 16 lero, kapena 8 lero ndi 8 chaka chamawa

Mabuku ambiri amalangiza kuyamba ndi zochepa. George Box ankati kuyesa koyamba kusadye zoposa gawo limodzi mwa magawo 4 a zimene muli nazo, kuti mutsale ndi mphamvu zotsatira zimene mwapeza. Pali ngakhale njira yokonzera mapasa a zala zitatu: mumabwereza mabedi 8 aja motembenuza, paliponse panali mwakale pakhale mwatsopano, panali mwatsopano pakhale mwakale. Mukaphatikiza magulu awiriwo, chinthu chilichonse pachokha chimamasuka ku mapeyala.

Malangizowa ndi abwino, koma anabadwira m'mafakitale, kumene kuyesa kumodzi kumatha tsiku lomwelo. Tiyeni tiwerengere za nazale. Mabedi 8 chaka chino ndi 8 otembenuza chaka chamawa ndi mabedi 16, ndipo mumathera pa zala zinayi, mapeyala ena akadali mapasa. Mabedi 16 okonzedwa kuyambira pachiyambi amakufikitsani pa zala zisanu. Ntchito yofanana, yankho loposa, ndipo mwapulumutsa chaka. Onjezani kuti chaka chamawa si chaka chino. Chiperoni chikhoza kukhalitsa chaka china n'kusowa chinzake, ndipo kuthirira patalipatali kumene kunalibe vuto m'chifunga kukhoza kupha timitengo m'chaka chouma. Chakacho chimalowa m'kuyesa kwanu osaitanidwa.

Kukonza mabedi 16 a zinthu 5 n'kofanana ndi kuja tinachita: bedi limodzi osasintha kanthu, mabedi 10 a mapeyala onse, ndi mabedi 5 amene mwasintha zinayi n'kusiya chimodzi mwakale. Chinthu chilichonse chimayerekezedwa pa mabedi 8 ndi ena 8. Mapeyala onse 10 amaoneka lililonse palokha. Chimodzi chikapezeka chopanda ntchito, mwatsala ndi zonse ndi zonse za zinayi. Pa njira zonse zimene ndikuyerekeza pano, iyi ndiyo ndimaikonda, ndipo kalabu imene ingakwanitse mabedi 16 sindiilangizanso china. Malo akachepa, ndi bwino kudula mabedi pakati, akhale a machubu 50, kusiyana ndi kuchepetsa chiwerengero chawo, bola theka lililonse likhale ndi pulasitiki wake ndi kathiriridwe kake.

Ngati 16 n'zosatheka ndithu, chotsani chinthu chimodzi, muyese 4 m'mabedi 8. Msonkhano wosankha chochotsa umakhala wautali, chifukwa palibe amene amafuna kuti ganizo lake likhale lotayidwa, koma ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Plackett ndi Burman, komanso Taguchi

Awa ndiwadutsa mwachangu, chifukwa ndi a ntchito ina. Robin Plackett ndi J. P. Burman, omwe ankagwira ntchito m'boma la Britain nthawi ya nkhondo yachiwiri, anafalitsa mu 1946 njira zoyesera zinthu zambiri kwambiri ndi kuyesa kochepa: zinthu 11 m'mayeso 12, zinthu 19 m'mayeso 20. Ubwino wake ndi wakuti simukakamizidwa kudumpha kuchoka pa 8 kufika pa 16. Kuipa kwake ndi kwakuti mapasa ake si oonekera. Pa mayeso 12 a zinthu 11, chinthu chilichonse chimatengako pang'ono kwa mapeyala 45 amene ichocho mulibe. Pa mabedi 8 anga aja, amayi othirira anatha kuona cholakwika ndi maso. Pa 12 awa palibe amene angachione. Ndi sefa yopetera, yoti mudziwe zitatu kapena zinayi zofunika kuzibwerera mwa zambirimbiri, osati yogamulira.

Matebulo a Genichi Taguchi wa ku Japan anatchuka m'mafakitale, ndipo mudzawapeza ambiri pa intaneti ndi mayina ngati L8 ndi L9. L8 ndi zinthu 7 m'mayeso 8, zomwe ndi kuyesa kwa chigawo kwa zala zitatu kovala malaya ena. L9 imayesa zinthu 4, chilichonse pa milingo itatu, m'mayeso 9 m'malo mwa 81. Imakopa mtima pamene mukufuna milingo itatu ya feteleza, mwachitsanzo. Koma mukaidzaza yonse, mapasa ake ndi oopsa ngati anga aja, ndipo tebulolo silikuchenjezani pokhapokha mutafufuza nokha.

Kumene kuumira kumalipira

Lowani m'fakitale ya tiyi ku Thyolo, nkhani itembenuka. Masamba amafotetsedwa usiku, m'mawa agayidwa, asiyidwa kuti afiire, aumitsidwa, ndipo wolawa ali ndi kapu m'manja pasanathe masiku awiri. Zoyesa n'zambiri: kutalika kwa nthawi yofotetsa, kuchindikala kwa masamba poyala, nthawi yofiiritsa, kutentha kwa mpweya woumitsira, liwiro la makina. Kuyesa kulikonse kumadya tiyi amene akanapita ku okushoni ku Limbe, choncho kuchepetsa mayeso ndi ndalama zenizeni. Koma kubwereza n'kotsika mtengo, mukasokonezeka Lachiwiri mumakonza Lachisanu. Pamenepa ndi pamene zinthu 7 m'mayeso 8, kenako 8 otembenuza, kenako kulondola ziwiri kapena zitatu zimene zaonekera, zimaposa kuyesa kumodzi kwakukulu. Chosamala n'chakuti masamba a lero si a mawa, makamaka mvula ikagwa pakati, ndiye mayeso a tsiku limodzi azikhala ndi mbali zonse ziwiri za chinthu chilichonse mofanana.

Choncho posankha, funso limene ndimayamba nalo si la mabedi. Ndimafunsa kuti tikalakwitsa, kubwereza kutitengera nthawi yaitali bwanji. Masiku atatu, yambani ndi zochepa. Chaka, lipirani lero. M'munda wa tiyi wokhwima, kumene zotsatira za kadulidwe kapena feteleza zimatenga zaka kuti zikhazikike, ndi pamene munthu ayenera kuwolowa manja koposa.

Zimene zimaononga njira iliyonse

Pepala likhoza kukhala lolondola, nthaka n'kulipotoza. Kuno malo athyathyathya ndi osowa. Nazale zambiri zili pamtsetse, kumtunda kouma, kumunsi kwachinyontho. Mukaika mabedi onse a mthunzi watsopano kumunsi chifukwa ndiko kuli mitengo yomangira shedi, mwabereka mapasa ena amene sali m'kope: mthunzi ndi mtsetse. Mankhwala ake ndi kugawa mabedi m'magulu awiri, akumtunda ndi akumunsi, gulu lililonse likhale ndi mbali zonse mofanana, kenako m'gulumo malo agawidwe mwamaere. Dziwani kuti kugawa mabedi 16 aja m'magulu awiri kumadya peyala imodzi, imasanduka mapasa ndi mtsetse, ndiye perekani peyala imene simukuiyembekezera kanthu, monga mthunzi ndi kukula kwa machubu.

Mthunzi uli ndi vuto lakelake. N'kovuta kuusintha bedi ndi bedi, mwachibadwa munthu amafuna kumanga shedi imodzi yothithikana ndi ina yopepuka. Mukatero, mthunzi mwauyesa pa mashedi awiri okha, ngakhale pansi pake pali mabedi 16, ndipo kusiyana kulikonse kwa malo awiriwo kudzaoneka ngati ntchito ya mthunzi. Ngati simungathe kupatsa bedi lililonse kadenga kake ka udzu, mangani mashedi anayi ang'onoang'ono, ndipo zotsatira za mthunzi muzilandire mokayikira kuposa zinazo.

Cholakwika china chimene ndimachiona ngakhale kwa ophunzira a ku koleji ndi kuwerenga machubu ngati mayeso. Machubu 100 a m'bedi limodzi amamwa madzi a kheni imodzi, pansi pa pulasitiki mmodzi. Ndi umboni umodzi, osati 100.

Nanga kusiyana kwa 4 kapena 5 n'kwenikweni, kapena ndi mwayi chabe? Popeza palibe bedi lobwerezedwa, mulibe muyeso wachindunji. Cuthbert Daniel mu 1959 anapereka njira yondandalika mayankho onse kuyambira laling'ono mpaka lalikulu: ambiri amaunjikana pafupi ndi ziro, ndipo amenewo ndiwo akukuonetsani kukula kwa mwayi, pomwe enieni amatumphuka patali. Russell Lenth mu 1989 anaisandutsa kawerengedwe kachidule. Ndi mayankho 15 a mabedi 16 zimagwira bwino. Ndi 7 a mabedi 8 n'zoperewera, chomwe ndi chifukwa chinanso chosaumirira. M'chitsanzo chathu chija, 16 wa mthunzi ndingamukhulupirire, 9 wa dothi mwina, koma 4 wa mtundu sindingasinthire nazale. Malo akatsala, bwerezani bedi losasintha kanthu kawiri kapena katatu. Alimi akaona mabedi atatu ofanana akupereka manambala osiyana, amamvetsa za mwayi kuposa mmene ine ndingafotokozere.

Za kompyuta musade nazo nkhawa. Pulogalamu ya R ndi yaulere ndipo ili ndi chida chotchedwa FrF2 chimene chimakonza mabedi n'kukulemberani mapasa onse. Minitab, JMP ndi Genstat zimachitanso zomwezo koma n'zogula. Kwa mabedi 8 kapena 16, kope la sukulu ndi kakyuleta ya pafoni n'zokwanira. Chofunika ndi kulemba mndandanda wa mapasa musanadule katengo ngakhale kamodzi, n'kuuwerenga mokweza pamaso pa anthu amene amagwira dothilo.

Ku kalabu ija tinabwereza chaka chotsatira ndi mabedi 16 aafupi, 8 kumtunda ndi 8 kumunsi. Manambala a mabedi tinalemba m'zitsekerero za mabotolo, n'kuziika m'chipewa cha mlembi, mwana wa sukulu n'kumatola. Bedi losasintha kanthu linagwera pafupi ndi mpopi, malo amene aliyense amawadziwa kuti ndi abwino. A tcheya anadandaula kuti zakale zapatsidwa mwayi, titolenso. Amayi othirira aja anali atayamba kale kumanga tinsanza tofiira pa mabedi oti azithirira patalipatali, ndipo sanatembenuke n'komwe. "A tcheya, chipewa chanena. Bweretsani wilibala ya mchenga."